Abale anga a ku Rotherham

Dzina langa lachiwiri ndi lachizungu. Sindikunena mayina aja ali mbwee kwathu, otola m'Baibulo kapena kwa ansembe. Langali ndi lachingelezi chenicheni, lolemera pakamwa, loti ngakhale azungu a ku Wakefield ankati akaliona papepala amakwinya nkhope n'kundifunsa kuti limatchulidwa bwanji. Kusukulu ku Mulanje mphunzitsi aliyense ankalitchula mwakemwake, ine n'kumangovomera. Sindililemba pano. Eni ake ku England ndi ochepa moti munthu wofuna akhoza kuwapeza onse asanadye nkhomaliro, ndipo sanandilakwire choti ndiwaikire poyera.

Ku England ndinapita pa mapepala a mkazi wanga. Iye ndi namwino. Atapeza ntchito pachipatala cha ku Wakefield, ine ndinamutsatira ngati sutikesi yachiwiri. Ndinalowa ntchito m'chinyumba chosungiramo katundu kunja kwa tauni, kutsitsa makatoni m'mashelefu n'kumawakankhira ku mathiraki, msana ukulira. Mwana wathu wamkazi anabadwira komweko. Banja linatha iye atangoyamba sukulu. Zifukwa zake sindilowamo. Ine mtima wanga ndi wapachala, mayi akewo pakamwa pawo sipatseka, nyumba inatichepera. Chimene sindinaganize tsiku limene ndinkatuluka ndi chikwama changa n'chakuti chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali chomangirira ku ukwatiwo. Ukwati utatha, chilolezo chinatha, ntchito nayo inatha. Ndinakagona m'kachipinda kosungiramo zinthu kwa mkulu wina wa mpingo wathu, pakati pa masutikesi ndi makina ochapira akufa.

Chimene ndinatsala nacho ndi Loweruka. Loweruka lililonse ndinkakagogoda pakhomo pa mayi ake, osalowa, mwana n'kutuluka atavala jekete lake lofiira. Tinkayenda m'tauni, kukhala pabenchi pafupi ndi tchalitchi chachikulu chija, kudya tchipisi m'pepala. Ine ndinkayankhula Chichewa, iye n'kumayankha m'Chingelezi, koma tinkamvana bwinobwino. Ankandiuza amene wamenya mnzake m'kalasi ndi amene wasanza m'basi. A boma atandiuza kuti ndikonzeke kubwerera kwathu, sindinaganize za ntchito kapena za manyazi okatsika ndege chimanjamanja. Ndinaganiza za Loweruka. Mwana wa msinkhu umenewo ukamusiya amakula yekha, bambo wake n'kusanduka mawu a pafoni.

Ndinakadandaula kukhoti. Loya wanga anali mayi wina wa ku Leeds, wowonda, wosakonda kuseka. Tsiku loyamba anayang'ana dzina langa nthawi yaitali.

"Dzinali ndi la kumpoto kuno," anatero. "Kodi agogo anu anabadwira ku England? Ngati mmodzi wa agogo anu anabadwira kuno, pali khomo lina limene tingayese kugogoda."

Ndinati ndikafunsa. Agogo anga ndinawaona ndi maso angawa ndili mwana, anali akuda ngati ine, ankatafuna nzimbe pakhonde. Koma m'sitima pobwerera ku Wakefield mutu unayamba kundinamiza. Mphuno ya malemu bambo anga inali yaitali, yopindika pakati. Azakhali anga ena anali oyererapo. Kapena pali zimene akuluakulu sankatiuza? Pofika pa siteshoni ndinali nditadzipangira kale mzungu m'banja mwathu, chipewa ndi kaliwo womwe.

Ndinaimbira foni bambo anga aang'ono ku Mulanje, okhawo otsala a m'badwo wawo. Anandisiya ndifotokoze zonse, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Mphuno ya bambo ako? Ija inapindika atagwa panjinga akuchokera kumowa. Kuzizira kwakulowa m'mutu eti?"

"Ndiye dzinali linachokera kuti, bambo?"

"Kukhitchini. Agogo ako anaphikira mzungu wa pa esiteti ya tiyi kuyambira ali mnyamata mpaka mzunguyo anabwerera kwawo. Akhukhi pa esiteti anali ambiri, ndiye anthu ankawasiyanitsa ndi mayina a mabwana awo, uyu wa kwa wakuti, uyo wa kwa wakuti. Pobatizidwa, abusa anafuna dzina lachiwiri. Agogo ako anapita kwa bwana wawo kukapempha. Umve bwino pamenepa, anapempha, sanabe. Bwanayo anati tenga. Mfunda wathu ulipo, ndi uja timakuthokoza nawo ukatitumizira kangachepe, koma boma limadziwa la bwanali."

"Ndiye ifeyo kwa iwowo ndife ndani?"

"Munthu akakupatsa dzina lake wakulowetsa m'nyumba mwake. Ndife ana a nyumba imeneyo. Ukawaona uwapatse moni."

Iwo ankangocheza. Ine ndinazitenga zenizeni.

Loya atamva za khukhi anangogwedeza mutu, khomo lija n'kutsekeka. Anati chimene chatsala n'kuonetsa woweruza kuti ndili ndi mizu m'dzikomo, kuti ndine bambo amene mwana wake amamufuna, ndipo kuti pali anthu okhazikika, a mapepala awo, amene angaime n'kundiikira umboni. Ndinapempha mayi a mwana. Anati sandiletsa kuona mwana, koma kukhoti sapondako, anatopa nane. Ndinapempha kumpingo. Anthu ankandigwira dzanja, kundipempherera mpaka thukuta, koma ukatchula khoti aliyense ankayang'ana nsapato zake. Sindiwada. Ambiri nawo mapepala awo anali olendewera, ndipo munthu wotero sadutsa dala pakhomo pamene pali alonda a boma. Amene anavomera ndi mkulu uja ndinkagona kwake, yekha.

Tsiku lina masana, mvula ikuwaza, ndikuchokera kosaina kumene ankatisainitsa kuti aone kuti sitinathawe, ndinaona galimoto yoyera ya makwerero padenga. M'mbali mwake munalembedwa dzina langa ndi penti ya buluu, chilembo ndi chilembo, pansi pake kuti amakonza madenga. Zaka zonse zimene ndinakhala m'dzikomo ndinali ndisanalionepo pa munthu wina. Ndinaithamangira ngati wamisala, anthu akundipatukira. Ndinaipeza pa maloboti n'kugogoda pawindo. Woyendetsa anali chimnyamata chometa mpala. Anatsitsa galasi pang'ono, wokonzeka kunditukwana. Ndinamuonetsa khadi langa lakale la kuntchito. Anawerenga, anandiyang'ana, anawerenganso, kenako anatukwana ndithu, koma moseka.

"Mukaonane ndi mdala wanga ku Rotherham," anatero m'Chingelezi chawo chomeza mawu chija. "Amatitopetsa ndi dzina limeneli. Akakuonani afa ndi chimwemwe."

Anandiuza nambala ya foni maloboti akusintha, magalimoto kumbuyo akuliza mahutala.

Inu mukudziwa mmene zimakhalira kwathu. Munthu wa mfunda wako ukakumana naye ku Karonga kapena ku Joni, simufunsana kuti agogo athu anakumana pati. Amakupezera pogona. Ukadwala amauza akwanu. Ukakhala ndi mlandu amakhala kumbali yako ngakhale wakudziwa dzulo, ndipo mlongo wake sumufunsira. Tsono ngati zili choncho ndi mifunda ya anthu osawerengeka, nanga dzina la anthu ochepa chonchi? Ndinaona kuti Mulungu wandiyankha.

Mkulu wa mpingo uja ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo anakhalitsa ku England kuposa ine. Anandimvetsera akusita malaya ake a kuntchito.

"Achimwene, azungu awa ine ndimawasambitsa tsiku ndi tsiku. Ana awo owabereka okha amabwera pa Khirisimasi, ena ngakhale pa Khirisimasipo ayi. Inu mukuti dzina?"

"Awa ndi ena, akulu. Ndayankhula nawo pafoni. Akuti bwerani msanga."

"Nawonso a msonkho amati bwerani msanga."

Komabe anavomera kundiperekeza, chifukwa nkhani yotere munthu sapita yekha, pamafunika wamkulu wokuyankhulira. Vuto linali nkhuku. Kokadziwika kwa abale sungapite manja ali zii, koma nkhuku yamoyo ku Wakefield uipeza kuti, ndipo ndani angakulole kukwera nayo sitima? Tinagula yosadula kwa amwenye ogulitsa nyama, yolimba ija imafanana ndi ya lokolo. Tinaonjeza shuga, ndi paketi ya tiyi wa kwathu amene ndinkasunga m'chikwama. Tonse tinavala masuti. Tinakwera sitima, kenako basi yokwera mtunda pakati pa nyumba za njerwa zofanana zokhazokha. Inali nthawi ija ankakangana zotuluka mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, mawindo ambiri anali ndi zikwangwani za voti. Mkuluyo ankaziwerenga chamumtima n'kumandiyang'ana.

Amene anatitsegulira ndi bambo wachikulire, wamfupi, wa juzi yotuwa, kachipangizo komvera kali m'khutu. Anagwira ntchito ku fakitale ya zitsulo mpaka inatsekedwa, mkazi wawo anamwalira, ankakhala ndi galu. Ananditchula dzina langa, ine ndinawatchula lomwelo, tonse tinaseka. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri osalisiya. Ndinayang'ana mkulu wa mpingo kuti mwaona?

Titakhala pansi, tiyi ndi mabisiketi zili patebulo, mkuluyo anavula chipewa, anakonza kukhosi n'kuyamba mwa dongosolo lake, m'Chingelezi cha paguwa. Anati tabwera kudzadziwika. Anati uyu ndi mwana wa nyumba yanu amene anakulira kutali, lero wabwera kudzaona kumene dzina lake linachokera. Kenako anapereka jumbo ndi manja awiri. Bambo aja anasuzumiramo. Anatulutsa nkhuku ija n'kuigwira m'mwamba, miyendo ili lende, galu ataimirira.

"Ndikulipireni zingati?" anafunsa.

"Ayi, ndi mwambo," anatero mkulu.

Anazungulira nayo pabalaza posadziwa poiika, kenako anakaiponya mufiriji. Tiyi wa ku Mulanje ndiye anamununkhiza nthawi yaitali.

Za dzinalo sanadikire kuti tifunse. Anatilozera chithunzi chimene chinali pakhoma pamwamba pa wayilesi ya kanema: kachigwa kopapatiza pakati pa mapiri opanda mitengo, mipanda ya miyala, kamtsinje, thambo lotuwa.

"Ndi pamenepo," anatero. "Dzinali si la munthu, ndi la malo. Ndi mawu awiri a chiyankhulo chakale, cha anthu amene anabwera pa nyanja kalekale. Loyambalo ndi ana a nkhosa, lachiwirilo ndi chigwa chopapatiza. Nthawi yachisanu ankatsekera ana a nkhosa m'menemo chifukwa mphepo siifika. Panali nyumba imodzi. Aliyense wokhala pamenepo, mwini malo, m'busa, wantchito wa kukhitchini, akatsikira kutauni anthu ankangoti uyu ndi wa kuchigwa chija. Mafakitale atayamba onse anatsika, dzina n'kutsika nawo. Nyumbayo inagwa. Ndinapitako ndi malemu mkazi wanga, kuli miyala ndi manyi a nkhosa basi. Ndiye mwina ife amene tili nalo si a magazi amodzi n'komwe."

Iwo ankatanthauza kuti dzinalo silimanga anthu pamodzi. Ine ndinamva zina. Ndinamva kuti wantchito wa kukhitchini nayenso ankawerengedwa, kuyambira pachiyambi pomwe.

Ndinawafunsa za mzungu wa pa esiteti. Ankamudziwa. Anali mchimwene wa agogo awo. Anapita ku Nyasalande kukayang'anira minda ya tiyi, anabwerako atafooka ndi malungo, wokonda botolo, sanakwatire, anafera m'chipinda cha lendi m'tauni ina ya m'mbali mwa nyanja. Pabanja sankamutchulatchula.

"Chimodzi chokha chimene mayi anga ankakumbukira," anatero bambowo, "n'choti akamupatsa chakudya ankakankha mbale, amvekere chibwerereni ku Afirika sanadyepo chakudya chenicheni."

"Ameneyo ndi agogo anga," ndinatero. "Amene ankaphikayo."

Anafuna kudziwa kuti ku Malawi tilipo angati a dzinali. Ndinayamba kutchula: bambo anga ndi abale awo, ana awo, ife ndi ana athu, a ku Limbe, a ku Lilongwe, ena ku Joni. Ndinati pa maliro timadzaza tchalitchi. Bambo aja anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anati iwo ankadziwa kuti dzinali likutha. Mwana wawo wa madenga uja alibe mwana ndipo safuna. Ena a ku Leeds anabereka akazi okhaokha, anakwatiwa n'kusintha. Anati ndiwatumizire zithunzi za onse, aliyense ndi dzina lake kumbuyo.

Apa mkulu wa mpingo anandiponda phazi kuti ndidikire, ayankhule ndi iwo. Sindinadikire. Ndinawauza zonse, za ukwati, za mapepala, za mwana ndi Loweruka. Ndinatchula tsiku la khoti ndi malo ake. Ndinati ndikupempha chinthu chimodzi, mubwere mudzaime pamaso pa woweruza, mudzanene kuti uyu ndi wa m'banja mwathu.

Anasisita galu kumutu. Ankanditchula ndi kamawu kawo ka kumpoto kotanthauza mnyamata, ngakhale ndinali ndi imvi kale.

"Mnyamata, ine ndakudziwa lero."

"Dzina ndi limodzi, bambo."

"Dzina inde. Koma akandifunsa kuti ndimakudziwa bwanji, ndidzati chiyani? Kuti unabwera ndi nkhuku? Pamenepo amalumbiritsa. Sindinanamepo kukhoti, sindiyamba ndi ukalamba uno."

"Si bodza. M'bale wanu anatipatsa dzinali yekha. Kwathu zikatero ndiye kuti ndife ana anu."

"Kwanu," anatero, mosakalipa. "Kuno mng'ono wanga weniweni, bere limodzi, amakhala kuseri kwa phiri ili, basi imodzi yokha. Sitinayankhulane chimwalirireni mayi athu. Akanakhala ndi mlandu sakanandiuza, ndipo ine sindikanapita."

Sindikumbuka kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndikukumbuka dzanja langa likumenya tebulo, makapu akudumpha, tiyi akuyenderera pa nsalu yoyera, galu akuuwa. Chingelezi chinandithera, ndinkasakaniza ndi Chichewa, koma anamva. Ndinati mwanena nokha kuti m'bale wanu sanadyenso bwino, dzanja limenelo linali la agogo anga, anamudzukira m'mamawa unyamata wawo wonse. Ndinati dzina lanuli talisunga ife, talibereka, talichulukitsa, inu kuno mukulisiya life ngati galu wopanda mwini. Ndinati mukufuna zithunzi zoti mupachike pakhoma, ine ndikufuna mwana wanga, ndipo ndapempha m'mawa umodzi wokha pa moyo wanu wonse.

Bambo aja anabwerera m'mbuyo mpaka kutsamira khoma, dzanja lili pa kachipangizo ka m'khutu. M'nyumba yoyandikana nayo wina anagogoda pakhoma, mawu a mzimayi akufunsa ngati aitane apolisi. Mawu amenewo ndi amene anandizimitsa. Munthu wa mlandu ngati wanga, apolisi akangolemba dzina lako, zatha. Mkulu wa mpingo anandigwira pakhosi pa jekete ngati mwana, akupepesa mbali zonse, n'kundikokera panja.

Basi itabwera tinakhala mipando yosiyana. Titayandikira siteshoni ndi pamene mkuluyo anatembenuka.

"Achimwene, mwaonatu. Munthu wakulandirani, wakupatsani tiyi, inu mwamuswera makapu."

"Sanasweke."

"Mukufuna ndikuyamikireni?" Anavala chipewa chake. "Nkhuku yabwinobwino ija tikanadya ife."

Masiku otsatirawo sindinkadya. Ndinkakhala pa matiresi m'kachipinda kaja kuyang'ana makina ochapira, kuwerengera anthu amene ndingawapemphenso, ndipo ankathera pa mkulu yemweyo. Ndinaganizapo zothawira ku tauni ina n'kukasowa ngati mmene ena amachitira, kugwira maganyu a usiku pa dzina la munthu wina. Koma wosowa sagogoda pakhomo lodziwika Loweruka lililonse. Kulikonse kumene ndinkatembenukira, mwana ndinkamutaya.

Tsiku la khoti tinafika ine, loya ndi mkulu wa mpingo. Pabenchi panja pa chipinda choweruzira panali patakhala bambo a ku Rotherham aja, atavala tayi ndi jekete lakale lowakulira m'mapewa. Anakwera basi ndi sitima okha, osauza munthu. Ndinaganiza kuti asintha maganizo.

Loya anawatengera pambali. Sanachedwe.

"Akuti abwera kuti musakhale nokha," anandiuza. "Koma akalowa anena zoona, kuti anakuonani kamodzi. Loya wa boma akawafunsa mmene kuchezako kunathera, anenanso zoona. Sindiwaitana."

Ndinakhala nawo pabenchipo podikira. Ndinafuna kupepesa za tebulo. Iwo ndi amene anayamba. Anati nkhuku ija anaiphika maola ambirimbiri koma inakana kufewa, mano awo oikirira anatsala pang'ono kutsalamo. Kenako anapempha kuona mwana. Ndinawaonetsa chithunzi cha pafoni, ali pabenchi yathu ija, tchipisi m'manja. Anachiyandikiza kumaso.

"Chipumi ichi n'chathu," anatero.

Ankafuna ndiseke. Sindinathe.

M'katimo woweruza sanali munthu woipa. Ankafunsa mofatsa. Mwana akabwera kwa inu amagona pati? Ndinati sagona, chipinda n'chaching'ono. Mphunzitsi wake ndani? Sindinkadziwa, za kusukulu ankapita ndi mayi ake. Akadwala amapita naye ndani kuchipatala? Mayi ake, ndi namwino. Mayi akewo ali kuti lero? Ali kuntchito. Yankho lililonse linali loona ndipo lililonse linkandikankhira ku bwalo la ndege. Mkulu wa mpingo anayankhula bwino, anati ndine bambo wokonda mwana wake, sindiphonya Loweruka ngakhale kugwe chipale. Za dzina palibe anafunsa. Titatuluka bambo aja anali pomwepo, atagwira chipewa pamaondo. Anatiperekeza mpaka pa siteshoni, anakwera sitima yawo, ife yathu.

Yankho linabwera patapita milungu. Anakana. Anati ubale wanga ndi mwana ukhoza kupitirira pafoni ndi pa maulendo. Loya anati ndikachoka ndekha, asanabwere kudzanditenga, mwina tsiku lina ndingadzapemphe kubwera kudzacheza. Ndinachoka ndekha.

Loweruka lomaliza ndinamuuza mwana pabenchi paja. Ndinayankhula m'Chingelezi kuti pasakhale chimene sanamve. Anafunsa ngati ku Malawi kuli kutali kuposa ku Newcastle, kumene anapitako ndi sukulu. Ndinati kuposa. Anafunsa kuti ndiye Loweruka azidzatani. Ndinamupukuta mchere pakamwa ndi chala. Pomubweza anathamanga kulowa m'nyumba osatembenuka, chifukwa pa kanema pankayamba zimene amakonda.

Pano ndili ku Limbe, ndimagulitsa zitsulo za galimoto m'sitolo ya msuweni wanga. Ndapemphapo chilolezo chokacheza, anandikaniza, akuti palibe chotsimikizira kuti ndikabwerako. Poyamba mwana ankaimba Loweruka lililonse, tikuonana nkhope pafoni. Kenako zinayamba kudumpha, pena homuweki, pena kwa anzake. Chichewa chimene ankamva chija chikumuthawa, ndikayankhula amati ndibwereze. Bambo a ku Rotherham ndinawatumizira zithunzi zija, za pa maliro a bambo aang'ono, tonse titaima kutsogolo kwa tchalitchi. Amene anayankha ndi mwana wawo wa madenga, kuti mdala anaziona asanamwalire.

Mayi a mwana anakwatiwanso, ndi munthu wa ku Zambia, ali ndi ana ena awiri. Tsiku lina anandiimbira okha, chinthu chimene sachita. Anayamba ndi moni wautali, ndinadziwiratu kuti pali nkhani. Anati mwana akuvutika kukhala yekha wa dzina lina m'nyumba, kusukulu amamufunsa, pa ulendo amawafunsa ngati ndi wawodi. Akufuna atenge dzina la bambo womupezayo, koma lamulo likufuna kuti ine ndivomere.

"Ayi," ndinatero.

"Bambo ake, taganizani kaye. Dzina lake lomwelo si lanu n'komwe, munandiuza nokha. Ndi la bwana wa agogo anu."

"Ndi limene ndili nalo. China chimene ndinamupatsa n'chiyani? Nyumba ndi yanu, chiyankhulo ndi chawo, amene amamuperekeza kusukulu ndi mwamuna wanu. Mukachotsa limenelo ine nditsala pati?"

Ndinkakuwa, makasitomala m'sitolo atasiya kusankha zitsulo. Mayi akewo anadikira mpaka nditamaliza.

"Chabwino, kanani," anatero. "Koma akakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi atha kusintha yekha, osapempha munthu."

Akwanitsa chaka chamawa. Sindinamufunse maganizo ake, ndipo akaimba sindiyamba nkhaniyo. Ndimamufunsa za mayeso ndi za kuzizira, iye n'kumayankha mwachidule, kumbuyo kukumveka azing'ono ake akukangana. Akati ayenera kupita, ndimati chabwino, n'kudikira kuti adule yekha.